A Wailesi Asanaiwale

Mayi Saluni ankayesa kugula nyumba kuli ngati kugula firiji: mwagwirizana, wapereka, wanyamula, basi. Dzina limeneli anamupatsa ndi makasitomala ake, chifukwa cha kasaluni kake ka kuseri kwa siteji ya basi, komwe ankaluka ndi kumeta anthu kuyambira m'mawa mpaka miyendo itatupa. Za malamulo sankazidziwa, ndipo sankafuna n'kuzidziwa komwe. Iye ankangofuna khomo loti akalitseka pasapezeke munthu wogogoda kudzafunsa za lendi.

Loya amene ankayendetsa mapepala anali bambo wolankhula pang'onopang'ono, ngati mawu amachita kugula. Atamufunsa kuti zonse zidzatha liti, anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta.

"Zimatenga kanthawi, mayi."

"Kanthawi kake kotani, a loya?"

"Kanthawi ndithu. Koma mvetsani ichi: dzina lisanasinthe pa chiphaso cha nyumba, nyumbayo ndi ya mwini wake. Musasamukiremo, musakhomemo ngakhale msomali."

Sabata yomweyo iye ndi amuna ake anasamukiramo. Asekeni ngati mukufuna, koma inuyo mukanatani mwini nyumba atachita kukuikirani makiyi m'manja? Mwini wakeyo anali mkulu wina amene aliyense ankangowatchula kuti a Wailesi, chifukwa moyo wawo wonse unathera pokonza mawailesi. Akazi awo anali atamwalira, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo, nesi wogwira ntchito kutali, ankawaitana kuti akakhale naye.

"Nyumbayi yandikulira," anatero a Wailesi. "Ndimagona chipinda chimodzi, zinazo ndimangosesa. Lowani, ana inu, muziwonongeranji lendi? Ine ndikhala m'kanyumba ka kuseri ndi mawaya anga. Mapepala atipeza."

Nthawi imeneyo mutu wawo unkagwira bwino kwambiri. Pangano logulitsa anawerenga okha, mzere ndi mzere, n'kusaina akuseka. Koma limenelo linali pangano chabe. Siginecha yeniyeni, yosamutsa nyumba kuchoka m'dzina lawo, inkayenera kudikira kuti maofesi onse avomereze kaye.

Amuna ake a Mayi Saluni ndi kalipentala, ndipo kalipentala akaona chitseko chopendekera manja amamuyabwa. Mwezi usanathe anali atachotsa zitseko zonse, atasintha siling'i ya pabalaza, atatseka khomo lina n'kuboola lina. Kangachepe konse kamene kanatsala atapereka dipoziti kanalowa m'matabwa ndi mu penti. Kunyumba ya lendi kuja alandilodi anali atalowetsamo kale anthu ena. Kobwerera kunalibe.

Ndiye mapepalawo, abale inu. Ku ofesi ya zamalo anayamba ndi kufufuza fayilo, koma fayiloyo inali paulendo: lero ili pa desiki ya uyu, mawa ya uyo, mkuja mwini desiki wapita ku maliro. Itapezeka, anati malire apimidwenso. Wopima malo atabwera n'kupita, khonsolo inati itsimikize kaye kuti msonkho wa nyumbayo ulibe zotsalira. Kalata ya khonsolo potuluka, ya ku banki inali itatha mphamvu, ndiye banki inatumizanso munthu wake kudzaona nyumba imene anali ataiona kale. Kenako wina anatulukira kuti pa chiphaso palinso dzina la malemu akazi awo a mkuluyo, ndipo kulichotsa kunkafuna mapepala akeake. Zinali ngati kulera mapasa, uyu akagona uyo wadzuka. Nyengo yozizira inatha, kunatentha, mvula inabwera n'kuyesa siling'i ya kalipentala, koma yankho la loya linali lomwe lija: "Tikudikira ofesi, mayi."

Mayi Saluni anayamba kuluka anthu foni ili m'thumba la epuloni. Ikangolira ankasiya mutu wa munthu pakati, n'kupeza kuti ndi wofuna kudziwa ngati saluni ili yotsegula. Makasitomala nawo sankathandiza. Aliyense anali ndi nkhani yake, ndipo panalibe yotha bwino.

"Mlamu wanga anadikira mpaka wogulitsa anamwalira," anatero mayi wina mutu uli m'beseni. "Ana a malemu anangoti sitikudziwapo kanthu. Pano akukhala kwa apongozi. Iii, mukundikoka tsitsi, mayi, kodi mwakwiyira ine?"

Za a Wailesi Mayi Saluni sanazione msanga. Ndani saiwala ketulo pamoto? Ndani safunsa kuti lero n'lachingati? Koma tsiku lina, akuchokera ku saluni, anawapeza ataima pabalaza akupapasa khoma pomwe kale panali khomo.

"Mwaswera bwanji, bambo?"

Anatembenuka n'kumuyang'ana mwaulemu kwambiri. "Ndaswera. Pepani kufunsa, mayi, kodi alendo inu mukhala mpaka liti?"

Iye anaseka, poti mkuluyo anali wanthabwala. Koma a Wailesi sanaseke. Kuseka kuja kunamuumira pakamwa. Atawaperekeza ku kanyumba kawo, mkuluyo anatsitsimuka, mpaka anamufunsa ngati a loya anenapo kanthu. Mawa lake anali bwinobwino. Mkuja wake anafunsa kuti akazi awo apita kuti osatsanzika. Tsiku linanso Mayi Saluni anapeza nsapato zake zonse ndi za amuna ake zitandandalikidwa pa khonde, ziwiriziwiri, zopukuta bwino. Mkuluyo anati amathandiza alendo kulongedza.

Mayi Saluni anapita kwa loya ndi funso lokutira.

"Pali mnzanga wina, a loya. Akugula nyumba kwa agogo ena, ndiye agogowo ayamba kuiwalaiwala. Zimenezo zimakhala bwanji?"

"Zimakhala zovuta," anatero loya, magalasi ali kale m'manja. "Tsiku losaina ndimamufunsa wogulitsa mafunso. Ayenera kudziwa kuti akugulitsa chiyani, kwa yani, ndipo akhale kuti akufuna yekha. Ndikaona kuti sakumvetsa, cholembera sindimupatsa. Nkhani imapita ku khoti kuti asankhe womuimira, ndipo ku khoti, mayi, kanthawi kake n'kena. Banki siingadikire. Achibale nawo akhoza kusintha maganizo." Anavalanso magalasi aja. "Mnzanuyo loya wake ndani?"

"Dzina ndaiwala," anayankha, n'kutuluka.

Kuchoka pamenepo sanabwerere ku saluni. Analunjika ku ofesi ya zamalo, ati akadzionere yekha chimene chikugwira mapepala ake. Anapeza khonde lalitali, mabenchi mbali zonse, anthu ali phee, aliyense envulopu ili pa miyendo. Mayi amene anakhala naye pafupi analoza kamwana kamene kankathamangathamanga pakati pa mabenchi.

"Ine ndinayamba kubwera kuno uyu ali m'mimba."

Atafika pa windo, mtsikana wa mkatimo anadinadina kompyuta n'kunena kuti fayilo ili bwino, yangotsala kusainidwa, koma osaina ali ku msonkhano. Mayi Saluni anafuna kukuwa kuti kunyumba kuli munthu amene mutu wake ukutha tsiku ndi tsiku, kuti msonkhanowo ukamatha mwina adzakhala ataiwala ndi dzina lake lomwe. Koma zimenezo n'zimene sankafuna kuti wina aliyense amve. Anangothokoza n'kutuluka.

Amuna ake atamva zonse, anakhala pa benchi yawo yopalirapo matabwa n'kugwira tsaya.

"Tiwaimbire anesi aja. Ndi bambo awo."

"Tiwaimbire kuti atani? Awatengere kwa dokotala, dokotala alembe kuti mutu sukugwira, ife tikagone kuti? Pansi pa benchi yanuyi?"

"Koma akazanga, kubisa matenda a munthu..."

"Sindikubisa kanthu ine. Munthu anagulitsa yekha nyumba ali bwinobwino. Olakwa ndi a m'maofesi. Akanafulumira, bwenzi pano zonse zitatha kalekale."

Zimenezo zinali zoona, ndipo mwina n'chifukwa chake ankazibwereza kawirikawiri ngakhale popanda womufunsa. Anesi ankaimba foni Lamulungu lililonse, ndipo pa foni a Wailesi ankachita bwino ndithu: moni, za mvula, za miyendo, basi. Mayi Saluni ankaima pafupi akunamizira kusesa, mtima uli m'mwamba, mpaka foni itadulidwa.

Ndiye anayamba kuwameta a Wailesi. Kale ankameta kwa ometa a kumsika, koma tsopano njira inkawasokonekera. Ankawakhazika pa khonde, kuwafunditsa nsalu, kuimika galasi pa windo, iye n'kuima kumbuyo monga amachitira ku saluni. Wometa sachita kupempha mutu ndi pakamwa, amauuza ndi zala: ukakhudza apa umapendekera, ukakankha pang'ono pankhongo umawerama. Mutu wa a Wailesi unali womvera kuposa ya makasitomala onse. Ndipo mashini akayamba kulira, sukulu nayo inkayamba.

"Bambo, nyumbayi mukuitani?"

"Ndikuigulitsa."

"Kwa yani?"

"Kwa kalipentala ndi mkazi wake."

"Alipo wakukakamizani?"

"Palibe. Ndafuna ndekha, ndikakhale ndi mwana wanga."

Tsiku lina ankayankha zonse, tsiku lina ankangoyang'ana modabwa nkhalamba ya m'galasi ija. Iye sankatopa. Tsitsi la munthu wokalamba silikula msanga, koma la a Wailesi linkametedwa lisanamere n'komwe, mpaka kalipentala ananena kuti akapitiriza awasenda khungu.

Sikunali kumeta kokha. Anayamba kuwapatsa chakudya, kuwachapira, kuwabisira machesi ndi chitsulo chawo chowotcherera mawaya. Akakhosomola, wosowa mtendere ankakhala iye. Akachedwa kutsegula chitseko m'mawa, ankaima panja pa kanyumba kaja khutu lili pa thabwa, mpaka atamva bedi likulira. Munthu akanamufunsa kuti akuchita zonsezi chifukwa cha nyumba kapena chifukwa cha mkuluyo, sakanatha kuyankha, ndipo zimenezo zinkamuchititsa manyazi. Iye ankawakonda ndithu mkuluyo, koma nyumba nayo ankaifuna.

Tsiku lina akuwapukuta m'khosi, a Wailesi anamugwira dzanja n'kulitembenuza.

"Chala chija chinapola? Ndinakuuza kuti usamaseweretse chitsulo changa chikakhala chotentha."

Mayi Saluni anali asanapsepo ndi chitsulo cha munthu. Anazindikira kuti akumuyesa mwana wawo, nesi uja, ali wamng'ono. Akanatha kuwauza kuti si iye. Koma anali ataona kale kuti masiku amene ankamuyesa mwana wawo, ankamvera msanga.

"Chinapola, bambo."

"Eya. Uzimva."

Foni imene ankaidikira inalira akutsuka mutu wa munthu, manja ali thovu lokhalokha. Maofesi onse anali atavomera. Loya anati abwere ndi a Wailesi Lachisanu masana, koma iye anachonderera kuti ukhale m'mawa, ati masana kumachuluka makasitomala. Chifukwa chenicheni chinali chakuti m'mawa mutu wa mkuluyo unkakhala wopepukirako, koma dzuwa likapendeka unkachita chifunga. Anesi nawo atauzidwa, anati afika tsiku lomwelo chakumadzulo ndi galimoto kudzatenga bambo awo.

Lachisanu lake anawaveka jekete yawo yakuda n'kuwapesa tsitsi lomwe panalibe. M'basi monse ankawafunsa chapansipansi, ndipo ankayankha. Koma pa masitepe a kwa loya anaima n'kufunsa ngati kuno n'kuchipatala. Kalipentala anayang'ana akazi ake, akazi ake anayang'ana masitepe.

Mu ofesimo munali mipando iwiri yokha ya alendo. A Wailesi anakhala pa wina, kalipentala pa wina, ndipo Mayi Saluni anaima pomwe amaima masiku onse, kumbuyo kwa mpando. Kalaliki wa loya analowa kudzakhala mboni.

"Bambo, mukudziwa chimene mwabwerera kuno?" anafunsa loya.

"Ndikugulitsa nyumba."

"Kwa yani?"

"Kwa kalipentala ndi mkazi wake."

"Pali amene wakukakamizani?"

"Palibe. Ndafuna ndekha, ndikakhale ndi mwana wanga."

Anayankha mwamphamvu, ngati mwana wa sukulu amene akudziwa kuti wakhoza. Mayi Saluni anamva mtima ukutsika. Loya anatsegula cholembera, koma asanapereke anafunsanso funso lina, limene pa khonde paja sanaliphunzire.

"Ndipo mukumvetsa kuti mukasaina apa, nyumbayi si yanunso? Kuti simudzakhalamonso?"

A Wailesi anayang'ana loya, kenako khoma, ngati akufunafuna galasi lija. Milomo inagwedera koma mawu sanatuluke. Mayi Saluni ankauona mutuwo kuchokera pamwamba, ndipo ankaudziwa bwino: umenewu unali mutu wa masiku oipa, wongotsala pang'ono kufunsa kuti akazi awo ali kuti. Mantha anamugwira. Anaona katundu wawo ali panja mvula ikugwa, anaona amuna ake akugogoda m'makomo kufunsa chipinda cha lendi. Dzanja lake linali kale pa mpandowo. Sanaganize n'komwe, kapena anaganiza, ndani angadziwe. Zala ziwiri zinakhudza pankhongo n'kukankha pang'ono, ndipo mutu womvera uja unawerama. Kwa munthu wokhala kutsogolo zinangooneka ngati mkuluyo wavomera.

"Mwavomera, bambo?"

"Eya," anatero a Wailesi, poti munthu waulemu akafunsidwa choncho amati eya.

Dzanja lawo linali lisanaiwale kanthu. Siginecha inatuluka yokongola, ya kamchira kumapeto. Kalaliki anasaina, chidindo chinalira. Loya anafotokoza kuti pepalalo lipita kukalembetsedwa ku ofesi ya zamalo, ndipo kumeneko kutenganso kanthawi, koma mbali ya a Wailesi yathera pamenepa.

Kalipentala, amene anakhala chapambali, anali ataona zonse. Anakwera basi yobwerera kunyumba. Atatsika, mkuluyo ali patsogolo, anangoti, "Dzanja lanu lija, akazanga..."

"Ndimawakonza kolala."

"Chabwino."

Anapita ku shedi kwake n'kuyamba kupala thabwa lomwe linali lopala kale. Mayi Saluni analowa m'kanyumba ka kuseri kukalongedza: zovala, mabulangete, mawailesi akufa amene eni ake sanabwere kudzatenga. Ankayembekezera kumva kukoma, poti chimene anachilirira nthawi yonseyi chinali chitachitika, koma mumtima munangolemera.

Anesi anafika dzuwa litapendeka, nthawi yoipa ija. Anali mayi wamtali, wotopa ndi ulendo, nkhope ya bambo awo yeniyeni. Anatsika m'galimoto n'kufulumira kupita pa khonde atatambasula manja.

"Adadi!"

A Wailesi anaimirira n'kuvula chipewa. "Takulandirani, mayi. Mwabwera ndi wailesi? Pepani, masiku ano sindikukonza, chitsulo changa chinasowa."

Anesi anaima pomwepo. Anali atagwira ntchito m'chipatala zaka zambiri, sanafunike wowauza. Anagwada, anawagwira mawondo, anadzitchula dzina mobwerezabwereza, koma mkuluyo ankangomwetulira mwaulemu, maso ali kwa Mayi Saluni kuti awathandize ndi mlendoyu.

Katundu atakwezedwa, a Wailesi anakana kukwera. Dzanja lina linagwira geti, linalo linagwira mkono wa Mayi Saluni.

"Mwana wanga, mayi awa akuti ndipite nawo. Iwe ukuwadziwa?"

"Ndikuwadziwa, bambo. Ndi anthu abwino. Kwerani."

"Nanga iwe?"

"Ine nditsala, ndiziyang'anira nyumba."

"Eya, nyumba isamakhale yopanda munthu."

Anasiya geti n'kukwera, chifukwa choti wanena ndi iye. Anesi anawamanga lamba, anatseka chitseko, n'kutembenuka. Maso awo anali ofiira koma mawu sanagwedere.

"Mayi, zinayamba liti zimenezi?"

"Masiku omwewa."

"Pa foni simunanenepo."

"Tinkayesa n'kutopa chabe."

"Nanga m'mawa muja kwa loya? Amadziwa chimene akusaina?"

Ku shedi kuja phokoso la kupala linali litasiya, ndipo Mayi Saluni anadziwa kuti amuna ake akumvetsera.

"Amadziwa. Ayankha mafunso onse."

Anesi anangomuyang'ana, ndipo iye analephera kudzutsa maso. Apo m'pamene a Wailesi, poona kuti mlendo akupanikiza mwana wawo ndi mafunso, anatulutsa mutu pa windo la galimoto n'kulankhula kwa mwana wobereka okha.

"Mukhulupirireni, mayi. Uyu sanama. Ndinamulera ndekha."